Wisiki wa 1926 ndi kachasu wa kuseri kwa chigafa

Pa 18 Novembala 2023, pa okushoni ya Sotheby's mumzinda wa London, munthu wina anagula botolo limodzi la mowa pa mapaundi 2,187,500. Masiku ochepa m'mbuyomo banki yathu yaikulu inali itangotsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700, ndiye mukawerengera pa mtengo wa mwezi umenewo mupeza kuti botololo linadya ndalama zoposa K4.5 biliyoni. Kwathu ku Chiosya, ku Mchinji, m'sabata imeneyo anthu anali kalikiliki kusaka feteleza ndi mbewu, maso ali kumwamba kudikira mvula yobzalira.

Mowawo ndi wisiki wa ku Scotland, dzina lake The Macallan 1926. Wogulayo sanatchulidwe dzina, ndipo ine ndikukayika ngati botololo lidzatsegulidwe n'komwe.

Ndinagwirapo ntchito kuseri kwa kauntala m'bala ya hotela ina ku Joni, monga achitira anyamata ambiri a kuno opita kukasaka. Wa 1926 sanafikepo pa shelefu yathu, koma ang'ono ake, Macallan wa zaka 12 ndi wa zaka 18, ndawathira m'matambula osawerengeka. Bwana wa balayo ankatiphunzitsa za botolo lililonse kuti kasitomala akafunsa tisachite chibwibwi. Iye akamafotokoza kapangidwe ka wisiki, anzanga ankalemba m'makope mwakhama. Ine ndinkangomwetulira, chifukwa theka la zimene ankanenazo ndinaziona ndili mwana, kuseri kwa chigafa cha fodya, kumene azakhali anga ankatchezera kachasu.

Nditasimba za mtengo wa botolo lija pa bawo pa msika wa Chiosya, mkulu wina anaimitsa dzanja m'malere n'kundifunsa kuti, "Mphwanga, ndiye kuti ukamwa umenewo sufa?" Ndinati mumafa ndithu, akulu, chiwindi sichiwerenga chizindikiro cha pa botolo. Koma funso lakuti mowa ungafike bwanji pa mtengo wotero ndi loyenera kuyankhidwa bwino, ndipo yankho lake limatikhudza kuposa mmene tingaganizire.

Mawu akuti single malt amene amalembedwa pa botolo la Macallan si okometsera malonda chabe, ali m'malamulo. Malamulo a wisiki wa ku Scotland a 2009 amati mowawo ukhale wochokera ku chimera cha balere ndi madzi, popanda mbewu ina, wotchezedwa pa fakitale imodzi yokha, m'miphika yoti ukatcheza umatsanula n'kuyambanso, osati m'makina oyenda usana ndi usiku. Ukatero ugone m'migolo ya mtengo wa oak, yosapitirira malita 700, kwa zaka zosachepera zitatu, m'dziko la Scotland momwemo, ndipo polowa m'botolo mphamvu yake isatsike pa 40 peresenti. Wisiki amene ambiri timamudziwa m'mabala a ku Lilongwe ndi ku Chipata, Johnnie Walker, Bell's, Grant's, ndi wosakaniza. Mumakhala wa mafakitale ambirimbiri pamodzi ndi wina wa tirigu kapena chimanga. Si woipa ayi, ndipo ndi amene amagulitsidwa kwambiri padziko lonse. Kungoti wosakanizayo amamukonza kuti azikoma chimodzimodzi chaka ndi chaka, pamene single malt amanyamula khalidwe la malo amodzi, labwino ndi loipa lomwe.

Chimera palibe mayi wa ku Mchinji amene angafune kuphunzitsidwa. Mumaviika mawere kapena chimanga, mumavundikira ndi ziguduli kapena masamba a nthochi, zikatulutsa timizu toyera mumayanika pamphasa, kenako n'kusinja. Njere ikayamba kumera imadzutsa mphamvu yosandutsa ufa wake kukhala shuga, n'chifukwa chake thobwa labwino limatsekemera ngakhale musanathiremo shuga wa kugolosale. Ku Scotland amachita zomwezo ndi balere: masiku awiri kapena atatu m'madzi, pafupifupi masiku asanu akumera. Chosiyana n'chakuti kumeneko dzuwa ndi losadalirika, choncho amaumitsa chimeracho ndi mpweya wotentha m'nyumba yomangira ntchito imeneyo. Mafakitale ena, makamaka a pa chilumba cha Islay monga Laphroaig ndi Lagavulin, amasonkhezera moto wake ndi peat, dothi lakuda la m'madambo lopangidwa ndi zomera zimene zakhala zikuwolerana kwa zaka zikwizikwi. Utsi wake umalowa m'chimera n'kukafika mpaka m'tambula. Makasitomala olawa Laphroaig koyamba ankakonda kundibwezera tambula n'kumati mowawu ukununkha kuchipatala. Macallan wa masiku ano alibe utsi umenewo.

Chimera chija amachigaya, n'kuchisakaniza ndi madzi otentha, n'kusefa madzi otsekemerawo. Akazizira amathiramo yisiti, ndipo pakapita masiku awiri kapena atatu amakhala ndi mowa wa mphamvu pafupifupi 8 peresenti. Mpaka pamenepa ndi kufulula chabe. Kutcheza ndiye ntchito ina.

Azakhali, alongo awo a bambo anga, sankagwiritsa ntchito balere. Awo anali madeya, shuga, chimera pang'ono ndi madzi, zonse mumgolo wachitsulo wovundikira bwino. Tsiku lililonse ankaika khutu pamgolopo, ndipo phokoso la kuwira likazirala ankadziwa kuti phala lapsa. Tsiku lotcheza ankadzuka tambala woyamba asanalire. Phalalo ankalithira mumtsuko waukulu pamafuwa, pamwamba n'kuvundikira mphika wozondotsa wobowoledwa pambali, n'kumata mpata wonse ndi dothi lonyowa kuti nthunzi isathawe. Pachibowocho pankalowa paipi imene inkadutsa m'chibwato chamtengo chodzaza madzi ozizira, ndipo ntchito ya ife ana inali kuthamanga kuchitsime, chifukwa madziwo akafunda ankayenera kusinthidwa msanga. Kumapeto kwa paipi ankalowetsako kaudzu kamodzi kotsogolera madontho m'kamwa mwa botolo. Ndiye mumangomva tho, tho, tho, kenako kamtsinje kowonda ngati ulusi.

Chimene ankachisamala koposa ndi moto. Nkhuni ziwiri, osapitirira. Ukasonkhezera yachitatu ankakulanda n'kukukalipira kuti, "Mwanawe, ukufuna kundiphera shuga wanga?" Sanaphunzirepo kuti mowa weniweniwo umasanduka nthunzi pa madigiri 78 pamene madzi amadikira mpaka 100, koma ankadziwa kuti moto waukali umakweza madzi ambiri, ndiponso kuti phala likafufuma n'kulowa m'paipi botolo lonse lada. Poyesa mphamvu ankadonthezera pang'ono pa kamtengo n'kuyandikitsa kumoto. Kakayaka lawi lobiriwira, ndiye kuti zili bwino. Botolo loyamba, mutu, ankaliika padera, ndipo linali ndi eni ake olipira mtengo wokwera.

Pa fakitale ya Macallan, m'mphepete mwa mtsinje wa Spey pafupi ndi mudzi wa Craigellachie, nzeru yake ndi yomweyo, koma miphika ndi yamkuwa, yamimba yaikulu ndi khosi lopindika, ndipo amatcheza kawiri. Ulendo woyamba umatulutsa mowa wofooka, wa mphamvu yongopitirira 20 peresenti. Umenewo amaubwezera mumphika wachiwiri, ndipo apa ndi pamene pali luso. Zotuluka amazigawa patatu: mutu, pakati ndi mchira. Mowa umadutsa m'kabokosi kagalasi ndi chitsulo konyezimira kokhoma ndi loko, mmene wotchezayo amayang'anira ndi kuyeza osaukhudza. Kwa zaka zambiri kiyi wa kabokosiko ankasunga ndi munthu wa boma wa zamsonkho, kuopa kuti dontho lina lingatuluke osalembedwa. Wotchezayo akaona kuti mutu wadutsa amatembenuza kampopi, zapakati n'kupita kokasungidwa, ndipo mphamvu ikayamba kutsika amatembenuzanso. Mutu ndi mchira sizimwedwa, zimabwerera mumphika kukatchezedwanso ndi ulendo wotsatira. A Macallan amadzitama kuti miphika yawo ndi ina mwa yaing'ono kwambiri m'chigawocho, ndiponso kuti amangotenga pafupifupi 16 peresenti ya zotuluka mumphika wachiwiri. Miphika imeneyi inajambulidwapo pa ndalama ya pepala ya mapaundi 10 ya Bank of Scotland.

Apa ndi pamene ife ndi iwo tinasiyana njira. Chimene kwathu timalimbirana, iwo amachikana. M'mutu mumakhala mphamvu yambiri, zoona, koma ndi mmenenso mumadzaza tinthu topepuka totuluka msanga, tonunkha ngati mankhwala ochotsera polishi wa m'zikhadabo, tolasa pakhosi ndi kuwonjezera matsire. Nawo mkuwa suli pamenepo kuti ziwoneke bwino. Nthunzi ikamakhudza mkuwa, mkuwawo umagwira fungo la sulufule, lija la mazira owola, mowa n'kutuluka wosalala. Paipi ya azakhali inali yachitsulo wamba, yotoledwa pa njinga yakale. Ena amagwiritsa ntchito mapaipi adzimbiri, ena zitsulo zowotcherera ndi mtovu umene umawononga magazi ndi ubongo pang'onopang'ono, enanso migolo imene munali mankhwala a m'munda. Vuto lalikulu la kachasu nthawi zambiri limagona pa ziwiya zimenezi ndi pa zimene ogulitsa adyera amathiramo kuti alume.

Wisiki akamatuluka mumphika amakhala woyera ngati madzi, wa mphamvu pafupifupi 70 peresenti, waukali pakamwa. Mutamupatsa chidakwa cha pa Chiosya chingakuuzeni kuti ameneyu ndi mutu wabwino, osaonapo chachilendo. Mtundu wofiirira uja ndi gawo lalikulu la kukoma zimachokera mumgolo. Amamuchepetsa mphamvu pang'ono ndi madzi, kawirikawiri kufika pa 63.5 peresenti, n'kumuthira m'migolo imene kale munagona mowa wina. Mafakitale ambiri amagula migolo ya bourbon, wisiki wa ku America. Macallan anatchuka ndi migolo ya sherry, vinyo wa ku Jerez m'dziko la Spain, imene imapereka mtundu wakuda ndi fungo la zipatso zouma. Nyengo ikafunda mowa umalowa m'matabwa, ikazizira umatulukamo utanyamula zokoma za mtengowo, ndipo kampweya kolowera m'mipata kamafewetsa ukali.

Mgolo umapumanso kunja. Chaka chilichonse pafupifupi 2 peresenti ya mowa imauluka, ndipo eni ake amati limenelo ndi gawo la angelo. Kumayiko otentha angelowo ndi aludzu: opanga wisiki ku India amataya kuposa 10 peresenti pachaka, ngakhale kuti mowa wawo umapsanso msanga. Amene akuganiza zosunga mgolo m'nyumba yamalata ku Mchinji mu Okutobala ayambe wawerengera zimenezi.

Pa botolo pakalembedwa kuti zaka 12, ndiye kuti mowa wamng'ono kwambiri mmenemo unagona mumgolo zaka 12, ngakhale mutakhala wina wamkulu kuposa pamenepo. Pakalembedwa chaka, monga 1926, ndiye kuti mowa wonsewo unatchezedwa m'chaka chimenecho. Ndiwo amautcha vintage. Ndipo wisiki akalowa m'botolo wasiya kukula. Ndakumanapo ndi anthu osunga botolo la zaka 12 m'kabati kwa zaka 10 n'kumati tsopano lili ndi zaka 22. Ayi, likadali la zaka 12, kungoti lachita fumbi.

Mgolo wa nkhani yathuyi unali nambala 263. Unadzazidwa mu 1926, Mchinji akutchedwa Fort Manning, chaka chimene boma la atsamunda linakhazikitsa Native Tobacco Board yoyang'anira fodya wa alimi akuda. Unakhala phee m'nyumba yozizira yamdima nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ikudutsa, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chikubwera n'kutha, Malawi akulandira ufulu mu 1964. Anautsegula mu 1986, ndipo angelo atatenga zawo kwa zaka 60 munatsala zokwana mabotolo 40 okha. Mabotolo 12 anawaveka zizindikiro zojambulidwa ndi Peter Blake wa ku England, ena 12 za Valerio Adami wa ku Italy, ena 14 chizindikiro cha Fine and Rare. Limodzi mwa awiri otsalawo analijambula pamanja Michael Dillon wa ku Ireland, ndipo mu 2018 linagulidwa pa mapaundi 1.2 miliyoni. Mu 2019 lina linafika pafupifupi 1.5 miliyoni. La 2023 lija linali la Adami.

Munthu amene anadzaza mgolowo sanaone mabotolo ake. Anangolemba chaka ndi nambala m'buku, wina n'kudzasunga bukulo, winanso n'kumayendera mgolowo kuona ngati sukudontha. Ine chimene chimandigometsa ndi chimenecho, osati mtengo.

Pa za mtengo ndinene maganizo anga. Palibe mowa wokoma mabiliyoni anayi. Kukalamba mumgolo sikuti nthawi zonse kumakometsa. Mtengo ukhoza kuposa mphamvu, mowa n'kumawawa ngati ukutafuna khungwa, ndipo migolo yambiri imafika pachimake isanakwane zaka 30. Chimene akugula anthu a pa okushoni ndi kusowa kwake, mbiri yake, ndi chiyembekezo chakuti mawa wina adzalipira zoposa. Ngakhale m'bala mwathu zinali choncho pang'ono. Munthu ankaitanitsa wa zaka 18 mokweza mawu kuti tebulo loyandikana limve, kenako n'kuthiramo Coke mpaka pakamwa pa tambula. Ndalama ndi zake, ine ndinkangothira, koma mtima unkandipweteka. Odziwa ankapempha timadzi pang'ono tozizira, n'kuyamba ndi mphuno, toti imodzi n'kutha nayo ola lathunthu.

Pamene pali ndalama zotere akathyali sasowa. Mu 2017 mlendo wina wa ku China analipira mafuranki 9,999 pa toti imodzi mu hotela ya ku St Moritz m'dziko la Switzerland, kuchokera m'botolo lolembedwa Macallan 1878. Akatswiri atauyeza anapeza kuti mowawo unali wa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, komanso wosakaniza, ndipo hotelayo inamubwezera ndalama zake. Chaka chotsatira asayansi a ku East Kilbride ku Scotland anayeza mabotolo 55 a wisiki wakale, 21 n'kupezeka abodza. Njira yawo ndi yodabwitsa. Mabomba a atomiki amene mayiko ankayesa m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 anasiya chizindikiro mumpweya, chimene chinalowa m'mbewu iliyonse yolimidwa kuyambira nthawi imeneyo. Balere wa 1926 alibe chizindikirocho. Tikamadandaula za mabotolo odzazidwanso a m'misika mwathu, tidziwe kuti olemera nawonso amamwetsedwa zomwezo.

Tsopano mbiri ya mafakitale amenewa, imene bwana wathu ankaisimba monyadira koma ine ndinkaimva mwina. Wisiki anatchulidwa koyamba m'mabuku a boma la Scotland mu 1494, pamene chimera chinaperekedwa kwa wansembe wina, John Cor, kuti atcheze. Msonkho woyamba unabwera mu 1644, ndipo Scotland atalumikizana ndi England mu 1707 misonkho inanka ikwera. Alimi a kumapiri, osauka, okolola balere wovuta kumusunga ndi kumunyamula, anachita zimene mlimi aliyense angachite: anamusandutsa mowa n'kumatchezera m'zigwa ndi m'mapanga. Pofika m'zaka za m'ma 1820 boma linkalanda miphika yozembera yofika 14,000 pachaka, koma utsi sunaleke kufuka. Pa famu ya Cardhu amasimba za mayi Helen Cumming, amene akaona a msonkho akubwera ankadzipaka ufa m'manja n'kunena kuti fungolo ndi la buledi, n'kuwapatsa tiyi, uku atakweza kansalu kofiira panja kuchenjeza anansi. Ndani wa ku Mchinji amene sakumudziwa mayi wotere? Mu 1822 mfumu George IV itafika ku Edinburgh inaitanitsa wisiki wa ku Glenlivet, pamene wisiki ameneyo anali woletsedwa ndi malamulo a mfumu yomweyo.

Boma linagonja mu 1823. Lamulo latsopano linati aliyense wolipira mapaundi 10 alandire chiphaso chotchezera, msonkho unatsitsidwa kwambiri, ndipo mowa unaloledwa kugona mosungira osalipira msonkho kufikira tsiku lougulitsa. Mu 1824 George Smith wa ku Glenlivet anatenga chiphaso, anzake ozembera n'kumuopseza kuti amuwotchera fakitale, moti kwa zaka ankayenda ndi mfuti ziwiri zing'onozing'ono m'chiuno. Chaka chomwecho a Cumming anatenga chawo, ndipo Alexander Reid, mlimi wa balere amenenso anali mphunzitsi, anatenga cha Macallan pa malo otchedwa Easter Elchies. Kwa zaka zoposa 100 mowa wambiri wa Macallan unkangogulitsidwa kwa osakaniza, dzina lake osaoneka pa botolo. Glenfiddich ndiye anayamba kutsatsa single malt kunja kwa Scotland mu 1963, ena n'kutsatira. Lero Macallan ndi ya kampani ya Edrington, ndipo mu 2018 inatsegula fakitale yatsopano ya mapaundi 140 miliyoni, yofolera ndi udzu womera padenga, ya miphika 36.

N'zoseketsa pang'ono kuti anthu a dziko lomweli ndi amene anamanga mishoni ya Blantyre mu 1876 n'kumadzudzula makolo athu pa nkhani ya mowa. Nthawi ya atsamunda munthu wakuda sankaloledwa kugula mowa waukali wa azungu, ndipo wake wotcheza yekha unali mlandu. Mpaka lero kutcheza popanda chiphaso n'koletsedwa, ngakhale mfumu, wapolisi ndi mkulu wa mpingo onse amadziwa khomo limene pamafuka utsi m'bandakucha.

Sikuti dziko lathu silidziwa kutcheza kwa m'fakitale. Malawi Gin wakhala akupangidwa ku Blantyre kuyambira m'zaka za m'ma 1960, ndipo alendo amanyamula m'masutikesi pobwerera kwawo. Ku Dwangwa kampani ya Ethco yakhala ikutcheza ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe kuyambira 1982, PressCane ku Chikwawa kuyambira 2004. Koma jini sadikira mgolo, amatuluka lero n'kugulitsidwa mawa. Ndipo ethanol wotchipa wosakaniza ndi madzi ndi fungo ndi amene anatibweretsera masacheti, amene Zambia inawaletsa mu 2012, ife mu 2015, ana asukulu atayamba kuwabisa m'masokosi. Analetsa pepala lake, mowawo unangosamukira m'timabotolo tapulasitiki.

Ndisanamizire kuti kachasu ndi wosalakwa. Ndaika m'manda anzanga amene ndinkasewera nawo mpira wachikulunga, atatupa miyendo ndi masaya, ndalama za mtedza ndi soya zitathera pa velemoti. Azakhali omwewo ankadziwa amuna amene akazi awo ankabwera kudzalira pakhomo. Scotland nayenso ali ndi bala lomweli, n'chifukwa chake mu 2018 anakhazikitsa mtengo wotsikitsitsa umene mowa suloledwa kugulitsidwa pansi pake. Koma kuletsa kwathuku sikunachepetse omwa. Kwangochititsa kuti pasakhale woyang'ana paipi, woyeza mphamvu, kapena wofunsa kuti mumgolomo munali chiyani kale.

Anzathu ena anayesa njira ya 1823. Uganda mu 1965 inalola otcheza enguli, kachasu wa kumeneko, kutenga ziphaso n'kumagulitsa ku fakitale yoti iyeretsenso, ndipo ndi mmene anabadwira Uganda Waragi. Kenya inachotsa chiletso cha chang'aa, kachasu wawo, mu 2010 n'kulamula kuti aziikidwa m'mabotolo ndi kuyezedwa. Konseko sizinayende myaa, ozembera akadalipo ndipo anthu amafabe ndi mowa wothiridwa mankhwala. Ku South Africa, fakitale ya James Sedgwick m'tauni ya Wellington inatulutsa single malt wa zaka 10 wa Three Ships mu 2003, ndipo wisiki wake wina, Bain's, anapambanapo pa mpikisano wa dziko lonse. Kotero dzuwa la Africa si chopinga. Makasitomala ankakana kukhulupirira ndikawauza kuti chimene akuyamikiracho chachokera ku Western Cape, kumene kuli Wellington.

Chopinga ndi kudikira. Azakhali ankatenga shuga pangongole Lolemba, ndipo pofika Loweruka mwini golosale ankafuna zake. Chotsala chinali cha sopo, mchere, yunifolomu ya ana ndi chigayo. Kuwauza kuti athire malita 200 mumgolo n'kuiwala zaka zitatu kukanakhala kuwatukwana. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma wodekhayo amakhala atadya. Ngakhale wabizinesi wa m'tauni, pa chiwongoladzanja cha kubanki chopitirira 20 peresenti ndi kwacha yogwa usiku umodzi, angakwirire bwanji ndalama m'matabwa kwa zaka 12? Chimene chingatheke pa Chiosya lero si mgolo wa oak. Ndi paipi yamkuwa, mgolo woyera, kachipangizo koyezera mphamvu, chizolowezi chobwezera mutu mumphika, ndi chiphaso cha kukhonsolo cha mtengo woti mayi wa m'mudzi angaukwanitse.

Ku Scotland komweko kudikira kunabwera mochedwa. Kwa zaka pafupifupi 90 chikhazikitsireni lamulo la ziphaso, wisiki wambiri ankamwedwa ali mwana, nthawi zina woyera, atangochoka mumphika. Lamulo lokakamiza kusunga linadza mu 1915, nkhondo yoyamba ili mkati, pamene David Lloyd George, nduna yodana ndi mowa, ankadandaula kuti ogwira ntchito m'mafakitale a zida akuledzera. Iye ankafuna kuuthetseratu kapena kuukwezera msonkho koopsa, ndipo pokambirana anagwirizana zoti wisiki azigona kaye zaka ziwiri, zimene mu 1916 zinakhala zitatu. Mowa unakomadi, mbiri yake n'kukwera. Koma makampani ang'onoang'ono ambiri amene analibe ndalama zodikirira anatseka, ena n'kumezedwa ndi akuluakulu.